Ndege Zatsala, Mboni Zapita

Sabata yatha pa tsamba lino tidaona m'mene ndege, chipangizo chimene chidauluka koyamba mu 1903, idasandukira chida cha nkhondo zisanathe n'komwe zaka khumi. Lero tikambirana za anthu amene adayendetsa ndege zankhondo pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, ndiponso za funso limene labuka tsopano poti anthuwo akutha: kodi mbiri yawo yatsala m'manja mwa yani?

Pa 17 Malichi 2025, mu mzinda wa Dublin ku Ireland, mudamwalira nkhalamba ina ya zaka 105, a John Hemingway, amene anzawo ankawatchula kuti Paddy. Imfa ya munthu wa zaka zotere siidabwitsa, komabe iyi idalengezedwa pa mawailesi a maiko ambiri, ndipo nduna yaikulu ya Britain idapereka uthenga wa chipepeso. Chifukwa chake n'chakuti iwowa ndiwo adatsala okha mwa anyamata amene adamenya nkhondo ya m'mlengalenga yoteteza Britain mu 1940, imene Angerezi amaitcha Battle of Britain. Pamene dzikolo linkakumbukira nkhondoyo pa 15 Sepitembala 2025, patapita zaka 85, padalibenso ngakhale mmodzi wa eni ake woti n'kuimirira ndi kunena kuti adaliko.

Zimene zidachitika mu 1940

Kwa inu amene mudachoka pa sukulu musanafike pa mutu umenewu, nkhani yake mwachidule ili motere. Mu Juni 1940 dziko la France lidagonja kwa Ajeremani. Adolf Hitler adatsala ndi mdani mmodzi wamkulu, ndiye Britain, ndipo kuti asilikali ake awoloke nyanja yopapatiza ya English Channel adayenera kuyamba wathyola mphamvu za gulu la ndege la dzikolo, lotchedwa Royal Air Force. Kuyambira pa 10 Julaye mpaka pa 31 Okutobala, ndege za maiko awiriwa zidalimbana pafupifupi tsiku ndi tsiku pamwamba pa minda ndi midzi ya kum'mwera kwa England. Anthu pafupifupi 3,000 adauluka kumbali ya Britain, ndipo 544 mwa iwo adafa m'miyezi yosakwana inayi. Enanso pafupifupi 800 adafa nkhondo yonse isanathe mu 1945. Hitler adalephera, naimitsa chikonzero chake chowoloka nyanja. Winston Churchill adayamikira anyamatawa m'nyumba ya malamulo pa 20 Ogasiti 1940, ndipo kuchokera pa mawu ake a tsikulo anthu adayamba kuwatcha Ochepa aja.

A Hemingway adali ndi zaka 21 zokha pa nthawiyo, ndipo ankayendetsa ndege ya mtundu wa Hurricane m'gulu la nambala 85. M'mwezi umodzi wokha wa Ogasiti adadumpha kawiri pa parachuti ndege yawo itaomberedwa: koyamba adagwera m'nyanja, kachiwiri m'dambo la ku Essex. Pa nkhondo yonse adagwetsedwa kanayi, komaliza ku Italy mu Epulo 1945, kumene anthu a kumeneko adawathandiza kubwerera kwa anzawo. Mu 2019 anthu ofukula zakale adakumba m'dambo lija napeza zotsala za ndege yawo, batani la mfuti lili chikhalire pamalo oombera. Eni akewo ankakana kutchedwa ngwazi. Ankanena kawirikawiri kuti adangokhala ndi mwayi umene anzawo ambiri adalibe.

Chitsulo chatenga malo a munthu

Munthu amakalamba nafa, koma chitsulo chimatheka kuchikonza. Motero, pamene mboni zikutha, ntchito yokumbutsa anthu za nkhondoyi yagwera pa ndege zenizenizo. Gulu la Royal Air Force lili ndi nthambi yake yapadera, imene idakhazikitsidwa mu 1957 ndipo imakhala ku Coningsby m'chigawo cha Lincolnshire, yosunga ndege zakale kuti zizithabe kuuluka. M'nthambiyi muli ma Spitfire, ma Hurricane, ndege yonyamula katundu ya Dakota, ndiponso ndege yaikulu yoponya mabomba ya Lancaster, imodzi mwa ziwiri zokha za mtunduwu zimene zasungidwa kuti ziziuluka pa dziko lonse; inayo ili ku Canada. Mu Meyi 2025, pokumbukira kuti patha zaka 80 nkhondo itatha ku Ulaya, Lancaster imeneyi idauluka pamwamba pa nyumba yachifumu ku London, khamu la anthu lili maso m'mwamba.

Kuwonjezera pa boma, pali anthu wamba ochuluka amene ndege zakalezi zidawalowa m'magazi. Amasonkhana pa zionetsero ku Duxford ndi kwina, amadziwa nambala ya ndege iliyonse ndi mbiri yake, ndipo ena amatha zaka zambiri akubwezeretsa chibenthu chimodzi cha phiko popanda malipiro. Kuno kum'mwera kwa Africa nawonso alipo: nyumba yosungiramo zida zakale za nkhondo ya ku Johannesburg ili ndi ndege za mbali zonse ziwiri za nkhondoyo, ndipo ku Gweru m'dziko la Zimbabwe kukusungidwa Spitfire.

Anthu amenewa ayenera kuyamikiridwa. Popanda iwo, ndege zambiri zikadasungunulidwa kale n'kukhala miphika, monga zidachitikira ndi zikwizikwi zinzake nkhondo itangotha. Ma Spitfire oposa 20,000 adapangidwa, koma amene akuthabe kuuluka lero ndi makumi angapo okha. Mwana wa sukulu akamva injini ya Merlin ikubangula pamwamba pa mutu wake amadzutsidwa chidwi chimene buku lokha silingathe kumudzutsa, ndipo amisiri ambiri a ndege adayambira pa chidwi chotere.

Komabe ntchitoyi ili ndi mtengo wake, wa ndalama ndi wa miyoyo. Mu 2015 Spitfire imodzi idagulitsidwa ku London pa mtengo woposa mapaundi 3 miliyoni, zimene zisonyeza kuti chikumbutso cha anyamata ambiri osauka chasanduka chuma cha anthu olemera owerengeka. M'chaka chomwecho, mu Ogasiti, ndege yakale yankhondo idagwera pa msewu waukulu pa chionetsero cha ku Shoreham, ndipo anthu 11 amene adali pansi adafa. Mu Novembala 2022 ndege ziwiri za nthawi ya nkhondo zidawombana m'mwamba ku Dallas, m'dziko la America, nkufa anthu 6. Pa 25 Meyi 2024 Spitfire ya nthambi ya ku Coningsby ija idagwera m'munda, ndipo woiyendetsa, a Mark Long, adafera pomwepo. Ngozi iliyonse imadzutsa mtsutso womwewo. Ena amati ndege ya zaka 80 iyenera kukhala m'nyumba, anthu aziiona ili pansi. Ena amayankha kuti ndege yosauluka ili ngati ng'oma yopachikidwa pakhoma, imene ana amaiona osadziwa kulira kwake.

Pali mfundo inanso imene okonda ndegezi amaidziwa bwino ngakhale siinenedwa kawirikawiri pa zionetsero. Ndege zambiri zimene zikuuluka lero zidamangidwanso pafupifupi kwathunthu ndi zitsulo zatsopano. Nthawi zina chotsala cha ndege yoyambayo ndi kachitsulo kolembedwa nambala ndi zibenthu zowerengeka zokumbidwa m'matope. Choncho chimene anthu amachiona m'mwamba nthawi zambiri ndi chithunzi chokongola cha mboni, chopangidwa ndi manja a masiku ano.

Zimene ndege sizinena

Akuluakulu adati tsabola wakale sawawa. Nkhondo ikatalikira, zowawa zake zimazilala, n'kutsala zokongola zokha. Ndege yopakidwa utoto bwino, youluka pa tsiku la dzuwa, siitiuza kuti zipolopolo za mfuti zake zisanu ndi zitatu zinkatha m'masekondi pafupifupi 15, ndi kuti anyamata ena ankatumizidwa kukamenya nkhondo ataiyendetsa ndegeyo kwa maola ochepa chabe. Siitiuza kuti thanki ya mafuta inkakhala kutsogolo kwa woyendetsa, kotero kuti ikabowoledwa ndi chipolopolo moto unkathamangira kumaso ndi m'manja mwake. Ku chipatala cha ku East Grinstead, dokotala wina wochokera ku New Zealand, a Archibald McIndoe, adatha zaka akusoka nkhope za anyamata opsa motere, ndipo odwalawo adapanga bungwe lawo mu 1941 limene lidafika pa anthu oposa 600. Pamene anthuwa adali moyo, nkhope zawo zinkachitira umboni. Lero chatsala ndi utoto wowala.

Ndege zimakonderanso zokha zokha. Spitfire, imene adaikonza a R. J. Mitchell, amene adamwalira mu 1937 nkhondo isanayambe, ndi yokongola mapiko, ndipo yatenga ulemu wonse. Koma mu 1940 ma Hurricane ndiwo adali ochuluka, ndipo ndiwo adagwetsa ndege zambiri za adani kuposa ma Spitfire. Ngati kukongola kungathe kulanda mbiri pakati pa zitsulo ziwiri, nanga bwanji pakati pa anthu?

Woyendetsa ndege mmodzi ankadalira anthu ambiri otsala pansi. Padali amakaniko okonza injini usiku wonse, odzaza zipolopolo, ndi othira mafuta mabomba akugwa pa bwalo. Padali makina a radar m'mphepete mwa nyanja, oona ndege za adani zisanafike, ndi amayi amene ankalandira mauthengawo nasuntha zizindikiro pa thebulo lalikulu la mapu kuti akuluakulu adziwe kotumiza ndege. Dongosolo limeneli, limene adalikhazikitsa a Hugh Dowding, ndilo lidachititsa kuti ndege zochepa zizifika pamalo oyenera pa nthawi yoyenera. Mayi wina, injiniya Beatrice Shilling, adapanga kachipangizo kakang'ono kothetsa vuto la injini ya Merlin, imene inkatsamwa ndege ikatsika mwadzidzidzi. Pa chionetsero palibe amene amaulutsa thebulo la mapu kapena sipanala ya makaniko.

Kunena za Lancaster, anthu akamaiwombera m'manja amakumbukira anyamata 55,573 a nthambi yoponya mabomba amene adafa, ndipo n'koyenera kutero. Koma ndege ya mtundu womwewo ndiyo idatentha mizinda ya Hamburg mu 1943 ndi Dresden mu 1945, mmene mudafa anthu wamba zikwi makumimakumi, monga momwe mabomba a Ajeremani adaphera anthu oposa 40,000 m'mizinda ya Britain. Nkhaniyi idali yovuta kwambiri mwakuti chipilala chokumbukira anyamata a nthambiyi chidatsegulidwa ku London mochedwa, mu 2012. Kwa mwana wa ku Dresden, kulira kwa injini zinayi zija kuli ndi tanthauzo lina.

Boma likamasankha woti akumbukiridwe

Apa ndiye pagona nkhani. Mboni ikakhalapo, imatha kutsutsa. Ikapita, amene ali ndi mphamvu ndiye amasankha choti chinenedwe. Zitsanzo zake zilipo zakale ndi zatsopano.

Mwa Ochepa aja, pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse adachokera kunja kwa Britain. Oposa 140 adali a ku Poland, oposa 120 a ku New Zealand, oposa 80 a ku Czechoslovakia, ndipo ena adali a ku Canada, Australia, South Africa ndi Ireland. Gulu la nambala 303 la anthu a ku Poland lidatchuka koposa pogwetsa ndege za adani. Koma pa perete wamkulu wa chipambano ku London mu Juni 1946, asilikali a Poland amene adamenya nkhondo limodzi ndi Angerezi sadagube nawo, pakuti Britain idali itavomereza boma latsopano la ku Warsaw ndipo sinkafuna kukhumudwitsa Joseph Stalin. Zaka zisanu ndi chimodzi zidakwana kusandutsa ngwazi kukhala alendo ochititsa manyazi.

Ku America, anthu akuda sankaloledwa kuyendetsa ndege zankhondo mpaka 1941, pamene sukulu yawo yapadera idatsegulidwa ku Tuskegee m'chigawo cha Alabama. Anthu 992 adamaliza maphunziro oyendetsa ndege kumeneko. Ambiri adatumikira ku Italy motsogozedwa ndi a Benjamin O. Davis Jr., akuperekeza ndege zoponya mabomba, ndipo michira ya ndege zawo idapakidwa utoto wofiira. Ntchito yawo idathandiza kuti pulezidenti Harry Truman athetse tsankho la mitundu m'magulu a asilikali mu 1948. Mmodzi mwa iwo, a Harry Stewart Jr., adagwetsa ndege zitatu za Ajeremani tsiku limodzi, pa 1 Epulo 1945. Nkhondo itatha adafunsira ntchito yoyendetsa ndege za anthu apaulendo, koma adakanidwa chifukwa cha khungu lawo, ndipo adakaphunzira uinjiniya. Boma lidalemekeza gulu lonseli ndi mendulo ya golide mu 2007, ambiri atamwalira kale.

Tsono taonani zimene zidachitika mu Januwale 2025. Boma latsopano la a Donald Trump litalamula kuti maphunziro onse okhudza kusiyana kwa mitundu achotsedwe m'nthambi za boma, gulu la ndege la America lidaimitsa kanema wofotokoza za anthu a ku Tuskegee, pamodzi ndi wina wa amayi oyendetsa ndege, pa maphunziro a asilikali atsopano. Anthu adadandaula kwambiri, kuphatikizapo andale a chipani cholamula chomwe, ndipo patangopita masiku ochepa makanemawo adabwezeretsedwa. A Stewart adamwalira pa 2 Febuluwale 2025 ali ndi zaka 100, patangopita masiku owerengeka zitachitika izi. Chimene chidabwezeretsa mbiriyo ndi mkuwo wa anthu amene adali ataiphunzira. Pakadakhala kuti palibe woidziwa, bwenzi itachotsedwa mwakachetechete, ndege za michira yofiira zili chikhalire m'nyumba zosungiramo zakale.

Malan ndi Smith

Phunziro lina tilipeza kufupi ndi kwathu. A Adolph Malan, odziwika ndi dzina loti Sailor, adali a ku South Africa, ndipo adatsogolera gulu la nambala 74 pa nkhondo ya 1940. Adali mmodzi mwa akatswiri opambana onse, ndipo malangizo khumi amene adalemba onena za kamenyedwe ka nkhondo m'mwamba adapachikidwa m'mabwalo ambiri a ndege. Patapita nthawi atabwerera kwawo, chipani cha National Party chidayamba kukhazikitsa tsankho la apartheid. Mu 1951 adatsogolera bungwe la asilikali opuma lotchedwa Torch Commando, limene linkaguba usiku ndi miuni potsutsa chikonzero chochotsa anthu a mtundu wosakanikirana pa kaundula wa ovota. Atamwalira mu 1963, boma la dziko lawo lidawamana ulemu wa chisilikali pa maliro, ndipo kwa zaka zambiri dzina lawo lidamveka kwambiri ku Britain kuposa kwawo.

A Ian Smith nawo adayendetsa Hurricane ndi Spitfire m'gulu la nambala 237 la Rhodesia. Adavulala kumaso pa ngozi ku Egypt mu 1943, nagwetsedwa ku Italy mu 1944. Palibe amene angakane kulimba mtima kwawo. Koma munthu yemweyo ndiye adalengeza ufulu wa boma la azungu okha pa 11 Novembala 1965, tsiku limene maiko amakumbukira asilikali ophedwa pa nkhondo, ndipo mbiri yawo ya usilikali idawathandiza kupeza chifundo kwa anthu ambiri ku Britain. Zotsatira zake idali nkhondo imene idatha anthu zikwizikwi mpaka Zimbabwe idabadwa mu 1980.

Amuna awiriwa adakhala pa mpando wofanana, adagwira chiwongolero chofanana, namenya mdani mmodzi. Atatsika pansi, mmodzi adatsutsa lamulo la tsankho, wina adamanga boma lake pa tsankho. Spitfire youluka pa chionetsero imawaimira onse awiri mofanana. Kusiyana kwawo kumadziwika ndi wokhayo amene adawerenga.

Gawo la Africa

Mwina wina afunsa kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife. Yankho n'lakuti nkhondo ya m'mlengalenga idaponda pa nthaka ya chigawo chathu chino. Kuyambira mu 1940, Britain idatsegula sukulu zophunzitsa oyendetsa ndege ku Southern Rhodesia, kumene kumwamba kumakhala koyera masiku ambiri ndipo kudali kutali ndi adani. Mabwalo adamangidwa ku Belvedere ndi Cranborne kufupi ndi Salisbury, ku Thornhill kufupi ndi Gwelo, ku Kumalo ndi Heany kufupi ndi Bulawayo, ndipo anthu oposa 8,000 adaphunzira kumeneko. Amene adadula mitengo, kuzula zitsa ndi kusalaza nthaka ya mabwalowo adali anthu akuda, ambiri mwa iwo otengedwa mokakamiza kudzera mwa mafumu ndi akuluakulu a boma la atsamunda. Amene ankalondera ndegezo adali asilikali akuda a gulu lotchedwa Rhodesian Air Askari Corps. Sadaloledwe kuphunzira kuziyendetsa.

Maiko olamulidwa ndi atsamunda adasonkhanso ndalama zogulira ndege, ndipo n'chifukwa chake magulu ena a Royal Air Force adatenga maina monga Basutoland, Nigeria ndi Uganda. Anthu akuda owerengeka a kumadzulo kwa Africa ndi ku zilumba za Caribbean adaloledwa kuuluka. A Johnny Smythe a ku Sierra Leone adali wolondolera njira pa ndege yoponya mabomba, adagwetsedwa ku Germany mu 1943, nakhala m'ndende ya asilikali mpaka nkhondo idatha. Pambuyo pake adaphunzira za malamulo nakhala mmodzi wa akuluakulu a zamalamulo m'boma la dziko lawo.

Azigogo athu a King's African Rifles adaidziwa ndege mwa njira ina. Mu 1944, asilikali a kum'mawa ndi pakati pa Africa, kuphatikizapo magulu a ku Nyasaland, adadutsa m'chigwa cha Kabaw ku Burma pa nyengo ya mvula yamphamvu, misewu itasanduka matope. Chakudya ndi zipolopolo zinkawafika kuchokera kumwamba, zoponyedwa ndi ndege zonyamula katundu monga Dakota. Ndege ya mtunduwu imasungidwa ku Coningsby ndipo imakumbutsa anthu za asilikali amene adadumphira ku Normandy ndi ku Arnhem. Ndi angati amene akaiona amaganiza za mnyamata wa ku Zomba kapena ku Mzimba akuyang'ana kumwamba m'nkhalango ya Burma, kudikira thumba la chakudya? Nkhondo itatha, ndalama zoyamikira ntchito zidaperekedwa motsata khungu. Zikalata za boma la Britain zimene atolankhani adaziulula mu 2019 zidasonyeza kuti msilikali wamba wachizungu ankalandira mashilingi 10 pa mwezi uliwonse umene adatumikira, pamene mnzake wakuda wa udindo womwewo ankalandira mashilingi atatu ndi theka.

Nthano za lero

Tisaganize kuti kupotoza mbiri ya oyendetsa ndege kumayamba nkhondo itatha. Pa 15 Sepitembala 1940, anthu a ku Britain adauzidwa kuti ndege za adani 185 zagwetsedwa tsiku limenelo. Zikalata za Ajeremani zitawerengedwa nkhondo itatha, zidapezeka kuti zidali pafupifupi 60. Oyendetsa ndegewo sadaname mwadala: pa liwiro lotere, anthu atatu amatha kuombera ndege imodzi aliyense n'kuganiza kuti ndi yake. Koma boma lidaikonda nambala yaikuluyo chifukwa inkalimbitsa mitima.

Zomwezo zidaoneka mu 2022, Russia itaukira Ukraine. Pa intaneti padafalikira mbiri ya woyendetsa ndege wina wosadziwika dzina, wotchedwa Mzukwa wa ku Kyiv, amene ankati wagwetsa ndege zambirimbiri yekha. Patapita miyezi iwiri, gulu la ndege la Ukraine lidavomera lokha kuti munthu wotereyu kudalibe, ndi kuti idali nthano yoimira oyendetsa ndege onse oteteza mzindawo. Dziko likakhala pa mavuto limafuna nkhope imodzi yoti lizinyadira, ndipo woyendetsa ndege yankhondo, amene amaoneka ngati akumenya yekha, amakwanira bwino pa malo amenewa. Chodabwitsa n'chakuti pa nkhondo yomweyo ntchito yambiri ya m'mwamba yagwiridwa ndi ndege zopanda munthu, zoyendetsedwa ndi anyamata obisala pansi akuyang'ana pa galasi la kompyuta. Kutsogoloku m'mwamba mungadzakhale anthu ochepa kuposa kale, ndipo nthano za akale aja zidzakoma kwambiri kwa omvera, popeza padzakhala palibe wozitsutsa.

Udindo wa aphunzitsi ndi ophunzira

Nanga tichite chiyani? Sitikunena kuti ndege zakale zileke kuuluka, kapena kuti anyamata a 1940 achotseredwe ulemu. Adaima pamaso pa ulamuliro woipa kwambiri, ndipo ambiri adafa asanakwatire n'komwe. Chimene tikunena n'chakuti chikumbutso chosiyidwa m'manja mwa zitsulo ndi maboma okha chimatsala ndi theka la nkhani, ndipo theka losowalo nthawi zambiri limakhala la anthu ngati ife.

Mphunzitsi wa mbiri yakale, ngakhale alibe ndege yoti n'kuonetsa ana, ali ndi chida china: kuwazoloweretsa kufunsa. Mwana akaona chithunzi cha ngwazi itaima pambali pa ndege yake, afunse kuti adaikonza ndani ndegeyo, bwalo lake adasalaza ndani, ndipo mabomba ake adagwera pa yani. Akamva nambala yaikulu, afunse kuti adaiwerenga ndani, ndipo pa nthawi iti. Mwana wozolowera mafunso otere sadzapusitsidwa msanga ndi nthano za pa foni, ngakhale za nkhondo ngakhale za ndale.

Kwa inu achinyamata amene mwamaliza sukulu, ntchito ina ikukudikirani kumudzi. Asilikali athu a nkhondo ija, monga anzawo a ku Ulaya, atsala ochepa kwambiri, ndipo amene alipo afika pafupi ndi zaka 100 kapena kupitirira. Koma ana awo ndi adzukulu awo alipo, ndipo m'masutikesi akale muli mamendulo, makalata otulutsira munthu usilikali, ndi zithunzi zofiira ndi utsi. Funsani azakhali ndi amalume zimene agogo ankasimba madzulo. Lembani dzina, mudzi, mfumu, gulu limene adalowa ndi maiko amene adafikako. Jambulani zikalatazo chiswe chisanazidye, ndipo perekani zolembazo ku sukulu yanu kapena ku nyumba yosungira zikalata za boma ku Zomba. Angerezi adasunga dzina la aliyense wa Ochepa aja, nalilemba pa chipilala m'mphepete mwa mtsinje wa Thames. Maina a anthu athu palibe wa kunja amene adzabwere kudzatilembera.

Sabata yamawa tidzakamba za asilikali a King's African Rifles atabwerera kwawo nkhondo itatha: zimene adayembekezera, zimene adapeza, ndi m'mene zimene adaona kunja zidasinthira maganizo a anthu m'midzi.